Cashgate: buku la zaumbanda lomwe tonse tidathamangira kutsamba lomaliza

Buku labwino la zaumbanda limayamba ndi kulira kwa mfuti, kenako pamatulukira chikwama cha ndalama, ndipo wowerenga sagona tulo mpaka adziwe yemwe adatuma achiwembu. Nkhani ya Cashgate idabwera ndi zonsezi ngati kuti wina adachita kukhala pansi n'kuilemba. Usiku wa pa 13 September 2013, a Paul Mphwiyo, omwe adali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, adawomberedwa pageti la nyumba yawo ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe, ndipo adapulumuka atakalandira chithandizo ku South Africa. M'masabata omwewo apolisi adayamba kupeza mitolo ya ndalama m'nyumba ndi m'mabuti a galimoto za ogwira ntchito m'boma. Kalaliki wina wa maakaunti, a Victor Sithole, adapezeka ndi K112 miliyoni kuphatikiza madola ndi marandi. Nthawi imeneyo ndalama yaikulu ya pepala idali K1 000, ndiye werengani nokha kuti adali mapepala angati.

Pomwe owerenga amati aidziwa nkhaniyo, iyo idakhota. A Mphwiyo, omwe poyamba dziko lidauzidwa kuti adawomberedwa chifukwa cholimbana ndi katangale, nawo adadzamangidwa mu 2014 pamilandu yokhudza ndalama zabomazo. Yemwe adali nduna ya zachilungamo, a Ralph Kasambara, adapezeka wolakwa mu 2016 pamlandu wopangana zofuna kupha a Mphwiyo ndipo adagamulidwa zaka 13 kundende. Wowomberedwa adasanduka woganiziridwa, woyang'anira malamulo adalowa m'chitokosi. Mlembi atabweretsa nkhani yotere kwa osindikiza mabuku, ena akadamuuza kuti wawonjeza mchere.

Kudera kwa mfumu yaikulu Malemia, m'chigwa cha Domasi, buku limeneli amaliwerenga mtima uli m'mwamba kuposa kwina kulikonse. Mayi Joyce Banda, omwe adali mtsogoleri wa dziko lino kuchokera pa 7 April 2012 mpaka May 2014, kwawo n'komweko. Asadafike pampandowo adakhalapo phungu wa Zomba Malosa kuyambira 2004. Cashgate idaphulika iwo ali pampando, ndipo pachisankho cha 2014 adathera pachitatu ndi mavoti pafupifupi 20 pa 100 alionse, kumbuyo kwa a Peter Mutharika ndi a Lazarus Chakwera. Atakhala kunja zaka pafupifupi zinayi, adabwerera pa 28 April 2018 n'kulunjika ku Domasi komwe khamu la anthu lidawalandira. Choncho munthu wa pa Songani kapena pa Malosa akamakamba za Cashgate amakhala akukamba za mwana wa m'mudzi, ndipo momwe amawerengera nkhaniyi zikutiphunzitsa kanthu za kawerengedwe ka tonsefe Amalawi.

Kawerengedweka kali ndi komwe kadachokera. Amene adadutsa kusekondale m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akukumbukira mabuku a James Hadley Chase ndi a Pacesetters akuyenda m'manja mpaka chikuto kuthothoka. Kuno kwathu a Aubrey Kalitera adalemba mabuku ngati A Taste of Business ndi A Prisoner's Letter, kenako n'kuyamba kudzisindikizira okha. Mabuku a mtundu umenewu ali ndi lamulo lawo: chigawenga chachikulu chimakhala chimodzi, chimabisala mpaka kumapeto, chikagwidwa buku latha ndipo dziko lakhalanso bwino. Tidakula tikudziwa kuti nkhani ya umbanda imayankha funso limodzi lokha, loti ndani.

Komanso nthawi imeneyo chigawenga cha m'buku sichikadakhala nduna ya boma la Malawi. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo la 1968 lidapatsa bungwe la Censorship Board mphamvu yoletsa chilichonse chomwe sichidasangalatse akuluakulu. A Jack Mapanje, omwe ankaphunzitsa ku Chancellor College, adatengedwa mu September 1987 n'kukasungidwa kundende ya Mikuyu, m'boma lomweli la Zomba, zaka zoposa zitatu popanda kuzengedwa mlandu. Nkhani yeniyeni ya umbanda wa ndale ya nthawiyo, imfa ya a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga mu May 1983, idalengezedwa ngati ngozi ya galimoto ku Mwanza. Anthu ankainong'ona kuseri kwa nkhokwe mpaka kafukufuku wa 1994 adapeza kuti adachita kuphedwa, ndipo pamlandu wa 1995 a Kamuzu Banda ndi a John Tembo adapezeka osalakwa. Mtundu womwe wakhala zaka 30 ukumva zoona kudzera m'manong'onong'o umazolowera kuti lipoti la boma limabisa, dzina lenileni lili kwa mnzako wa pabawo.

N'chifukwa chake wowerenga woyamba wa Cashgate, yemwenso ndi wochuluka, ndi wosaka dzina. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly itatulutsa lipoti lake loyamba mu February 2014, lidasonyeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuchokera April mpaka September 2013. Lipotilo lidafotokoza momwe ndalamazo zidatulukira, koma lidalibe maina. Dziko lonse lidafuula ngati munthu wobwereka buku n'kupeza kuti tsamba lomaliza wina adang'amba n'kupichirira fodya. Mabungwe, zipani ndi oyimba lamya pawailesi onse ankafuna maina basi. Maina adadzatuluka kumapeto kwa chaka chomwecho, chiwerengero chitakwera kufika pa K24 biliyoni, koma ndi angati mwa ife adabwerera kukawerenga masamba apakati, ofotokoza bowo lomwe ndalamazo zidadutsira?

Wowerenga wachiwiri ndi wotchinjiriza wakwawo. Uyu amatsegula buku ali ndi yankho kale m'thumba. Akakhala wa ku Malemia amakuuzani kuti mayi ndiwo adavundukula chivindikiro: adaitana akatswiri akunja kudzafufuza, adathetsa nduna zawo zonse mu October 2013, ndipo anthu adayamba kumangidwa iwo akadali pampando. Amakukumbutsaninso kuti ngakhale apolisi adalengeza mu July 2017 kuti ali ndi chikalata chowamangira, bungwe lothana ndi katangale la ACB lidanena kumayambiriro kwa 2018 kuti lidalibe umboni wogwirika wowakhudza, ndipo sadazengedwepo mlandu wa Cashgate. Zonsezi n'zoona. Akakhala wa chipani china amakuuzani kuti ndalamazo zidabedwa mayiwo ali mtsogoleri, kuti a Oswald Lutepo, wamalonda yemwe adagamulidwa zaka 11 mu 2015, adali membala wodziwika wa chipani cha PP, ndiponso kuti adaloza chala akuluakulu a ndale, zomwe mayi Banda akhala akuzikana. Izinso n'zoona.

Vuto la awiriwa n'lakuti aliyense amang'amba masamba omwe sakumukomera. Buku lomwelo ku Thyolo limawerengedwa mwina, ku Kasiya mwina, ku Domasi mwina, ndipo boma likasintha owerengawo amangosinthana mipando. Yemwe dzulo ankati mlandu suwola lero akuti tisakumbe zakale. Si Amalawi okha ali ndi matendawa. Mtolankhani Michela Wrong atalemba buku la It's Our Turn to Eat mu 2009, lofotokoza za a John Githongo omwe adaulula katangale wa Anglo Leasing m'boma la a Mwai Kibaki ku Kenya, ogulitsa mabuku ambiri ku Nairobi adaopa kuliika pashelefu. Anthu ankangopatsirana pakompyuta mobisa. A Githongo adali a mtundu umodzi ndi a Kibaki, wa Akikuyu, ndipo ena akwawo adawatenga ngati wogulitsa abale ake. Mutu wa bukulo ukunena za maganizo omwe ifenso timawadziwa bwino, oti ino ndi nthawi yathu yodya.

Abale athu omwe ali ku Joni adaonanso zofanana mu 2017, pomwe a Jacques Pauw adatulutsa The President's Keepers, lokamba za anthu omwe ankateteza a Jacob Zuma. Nthambi ya zaukazitape ya dzikolo italamula kuti bukulo lichotsedwe pamsika, anthu adalikhamukira mpaka lidatha m'masitolo, ena n'kumatumizirana pa WhatsApp. A Zuma adatula pansi udindo mu February 2018. Phunziro lochokera ku Kenya ndi ku South Africa n'lakuti anthu ali ndi ludzu la nkhani zoterezi zikalembedwa mokoka mtima, koma ludzulo palokha silibweza ndalama. Ku South Africa padafunika komiti ya a Raymond Zondo kukhala pansi zaka zingapo, kumva mboni ndi kusanthula mapepala otopetsa, kuti dziko limvetse momwe boma lidagwidwira m'manja mwa anthu ochepa.

Pali wowerenga wachitatu yemwe sitikonda kumutchula, wosirira. M'mabuku a zaumbanda chigawenga ndicho chimavala bwino, chimayendera galimoto yapamwamba, ndipo wapolisi amakhala wotuwa. Ifenso nthawi ya Cashgate tidamva nthabwala zambiri kuposa misozi. Nyumba ikamera msanga mtauni ankangoti ya Cashgate imeneyo, akuseka. Mnyamata akapeza ntchito ku Capital Hill, achibale ena amamutsina khutu kuti asagone, mbuzi imadya pomwe aimangirira. Munthu wopuma ntchito m'boma wopanda nyumba ya malata amasekedwa kuti adali wogona. Wowerenga ameneyu ndiye woopsa kuposa onse, chifukwa akamaliza bukulo phunziro lomwe amatolapo n'lakuti cholakwa cha a Sithole chidali kusunga ndalama m'nyumba.

Tsono masamba apakati aja, omwe atatu onsewa adawalumpha, amanena chiyani? Boma limalipira anthu ndi makampani kudzera m'makina a kompyuta otchedwa IFMIS, omwe adakhazikitsidwa mu 2005. Anthu ena okhala ndi mphamvu yolowa m'makinawo ankalembamo malipiro a makampani omwe sadagulitse kanthu ku boma ngakhale khasu limodzi. Cheke chinkasindikizidwa, chinkasainidwa, chinkapita kubanki, ndalama n'kutuluka. Kenako wina ankabwerera m'makinamo n'kufufuta zonse ngati mwana wofufuta pa sileti. Kuti izi zitheke padafunika wolemba, wovomereza, wosaina, mwini kampani, komanso wakubanki wosafunsa chifukwa chomwe kakampani kosadziwika kakutapira mamiliyoni pakauntala. Nkhanga zidapangana kusadache. Umbanda wotere sukhala ndi mwini mmodzi woti akagwidwa nkhani yatha.

Umboni wake ndi womwe udadza pambuyo. Akatswiri a PricewaterhouseCoopers atasanthula mabuku a boma kuchokera 2009 mpaka 2014 adapeza K577 biliyoni yomwe sinkagwirizana ndi zolembedwa kubanki, ndipo kafukufuku wotsatira adatsitsa chiwerengerocho kufika pa K236 biliyoni. Zaka zimenezo zikukhudza ulamuliro wa a Bingu wa Mutharika, wa mayi Banda ndi miyezi yoyamba ya a Peter Mutharika. Boma la Tonse litalowa mu 2020 nkhani sidasinthe mutu: mu 2021 kafukufuku adaonetsa kusakazidwa kwa gawo la K6.2 biliyoni ya Covid-19, ndipo mu 2022 K750 miliyoni yogulira feteleza wa AIP idaperekedwa ku kampani ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama. Nduna zidachotsedwa, maina tidawamva, tidakhutira, n'kudikira buku lotsatira. Zipani zinayi kapena zisanu zadutsa pampando, kalembedwe ka nkhaniyo n'komweko.

Palinso munthu mmodzi yemwe buku lathuli lidamuiwala. Buku la zaumbanda limayamba ndi mtembo, ndipo wowerenga amamva chisoni chifukwa wauona. Mu Cashgate tidaona magazi a munthu mmodzi pageti ku Area 43, koma ovulala enieni sadajambulidwe. K24 biliyoni m'miyezi isanu ndi umodzi ndi ndalama yoposa K130 miliyoni tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Chaka chimenecho mlimi wa makuponi ankapereka K500 kuti atenge thumba la feteleza, kutanthauza kuti K112 miliyoni ija ikadakwana kuwombolera matumba 224 000. Maiko ndi mabungwe otithandiza, omwe ankathira pafupifupi K40 pa K100 iliyonse ya bajeti, adaimitsa thandizo la madola pafupifupi 150 miliyoni, ndipo bajeti ya 2014/15 idakonzedwa popanda kudalira thandizo lawo. Mpata umenewo adaulipira ndi mayi wouzidwa kuti mankhwala atha akagule kufamase, mphunzitsi wodikira malipiro ochedwa, ndi mwana wophunzirira pansi pa mtengo. Anthu amenewa ku Malemia aliko, monga aliri ku Nthalire ndi ku Makhanga, ndipo bala lawo silifunsa kuti mtsogoleri adali wa kuti.

Tisanamizane, maina ndi ofunika. Ndalama sizidziba zokha, ndipo dziko lomwe silimanga akuba limaweta ena. Mtsogoleri aliyense amayenera kuyankhapo pazomwe zidachitika iye ali pampando, ngakhale khoti lisadamupeze ndi mlandu, monganso ayenera kuyamikiridwa pomwe adalola kuti kafukufuku achitike. Munthu wa ku Malemia akhoza kunyadira kuti mudzi wake udabala mayi woyamba kulamulira dziko lino, n'kufunsabe kuti zidatheka bwanji mabiliyoni kutuluka pakhomo alonda ali maso. Kufunsa choncho si kunyoza mayi. Chomwe chikutipweteka n'chakuti tikamva dzina timatseka buku, pomwe ntchito yeniyeni imayambira pamenepo.

Onani momwe mitu yomaliza yathera. Mayi Treza Senzani, omwe adali mlembi wamkulu ku unduna wa zokopa alendo, adali oyamba kugamulidwa mu 2014, zaka zitatu. A Kasambara adatuluka pa belo mu 2018 podikira apilo ndipo adamwalira mu June 2024. A Mphwiyo adasowa mu 2023 ali pa belo, mlandu wawo wa K2.4 biliyoni usadathe, patadutsa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi chimangidwireni. A Issa Njauju, mmodzi mwa akuluakulu a ACB, adaphedwa mu July 2015 ndipo zaka zadutsa banja lawo likudikira chilungamo. Mayi Martha Chizuma, ali mkulu wa ACB, adadzidzimutsidwa ndi apolisi mbandakucha wa pa 6 December 2022 n'kutengedwa ngati wakuba nkhuku. Akale adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wowerenga wosaka dzina akaona izi amataya mtima n'kunena kuti onse ndi amodzimodzi, ndipo kutaya mtima kumeneko ndiko akuba amakufuna.

Alembi athu ali ndi ngongole pamenepa. Chiletso cha nthawi ya chipani chimodzi chidapita, Mikuyu sikusunganso olemba ndakatulo, ndipo zipangizo za nkhani zili mbwee m'zigamulo za makhoti ndi m'malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma. Tikufuna mabuku, masewero a pawailesi ndi mafilimu a m'Chichewa ndi m'Chiyao omwe amatsata cheke chimodzi kuchokera pakompyuta ya ku Capital Hill mpaka pashelefu yopanda kanthu ya chipatala cha kumudzi, omwe ngwazi yake ndi kalaliki wokana kusaina. Mwamwayi, bungwe lokonza maphunziro a m'sukulu zathu ndi kuunika mabuku ake, la Malawi Institute of Education, lili pa Domasi pomwepo, moyandikana ndi koleji yosula aphunzitsi. Mwana wa fomu 3 lero adali wamng'ono kwambiri pomwe mfuti idalira ku Area 43. Akapanda kuiphunzira nkhaniyi mwadongosolo adzaimva kwa wowerenga wachitatu uja.

Nafenso owerenga wamba tili ndi mabuku ang'onoang'ono omwe ali pafupi nafe kuposa Capital Hill. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kuchokera ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo silisankha kuti wofunsayo ndi mtolankhani kapena mlimi wa mpunga. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya dera ikhoza kulembera khonsolo ya Zomba kufunsa kuti ndalama za thumba la CDF zidabwera zingati, mlatho kapena chipinda chophunziriramo adapatsidwa kontirakitala uti, pamtengo wanji, ndipo adasaina ndani kuti ntchito yatha. Lamulo la zipani la 2018 limalamula zipani kuulula omwe amazipatsa ndalama zambiri, ndiye wobwera ndi nsalu ndi ma T-shirt pabwalo la msonkhano tizimufunsa komwe zachokera tisadavine. Kukhoti lalikulu kudakhazikitsidwanso nthambi yoona milandu ya zachuma mu 2022, ndipo aphungu athu akuyenera kumatiuza kuti yamaliza milandu ingati komanso ndalama zomwe zabwerera kuthumba la boma ndi zingati.

Mafunso amenewa sakoma ngati kunong'onezana dzina la bwana wamkulu m'minibasi ya ku Liwonde. Alibe mfuti, alibe galimoto zothamangitsana usiku, ndipo yankho lake limabwera pa pepala lodzaza manambala. Koma Cashgate idabadwira m'manambala momwemo, m'mizere yomwe aliyense ankaiona yotopetsa kuiwerenga. Buku lotsatira likulembedwa panopa mu ofesi ina yake, ndipo olemba ake akudalira kuti tidzathamangiranso kutsamba lomaliza, tidzakangana za kwawo kwa wogwidwayo, n'kuwasiya iwo akutsegula mutu wina.